Kuseri kwa Makadi a Dokotala Mphepo

Grey anali atamanga kale makatoni atatu ndi chingwe chosokera fodya pamene mayi ake, a Anesi, analowa m'chipinda n'kumufunsa kumene katunduyo amapita.

Makatoniwo anali a bambo ake, malemu Dokotala Aloysius Mphepo, amene kwa zaka makumi atatu anali ndi kachipatala kawo kufupi ndi Nkhamenya. Anthu ankawadziwa ndi jakisoni, inde, koma makamaka ndi nkhani za sitima zapamadzi. Munthu wobadwira pakati pa minda ya fodya, wosadziwa ndi kusambira komwe, ankatchula mayina a sitima zakalekale ngati akutchula ana ake. Anzawo ankawatcha Kaputeni wa Kumtunda, iwo n'kumangoseka.

Akabwera tenanti wochokera ku Nkhotakota kapena ku Mangochi, dokotalayo ankamuyeza, n'kumulembera mankhwala, kenako n'kumufunsa ngati kwawo kunali munthu amene anagwirapo ntchito m'sitima. Wodwala akangoti eya, iwo ankatembenuza khadi lake n'kuyamba kulemba kuseri, a pamzere akung'ung'udza panja. Zimene ankawerenga m'mabuku akale nazonso ankazikopera pa khadi lililonse limene lili pafupi. Pepala kwa iwo silinkatayidwa.

Tsopano mphunzitsi wina wa ku yunivesite anali atamva za makadiwo. Anauza Grey pa foni kuti abwera mawa lake kudzawatenga, akawaike mulaibulale kuti aliyense aziwerenga, ndipo tsiku lotsegulira chiliza adzabwera kudzalankhula za malemuwo. Grey anasangalala kwambiri. Bambo ake anali atasekedwa moyo wawo wonse chifukwa cha sitimazo, ndipo zinkamuwawa.

"Mlendo ndi mame, amayi," anatero. "Tikamukaniza, makadiwa adyedwa ndi chiswe."

"Chiswe sichidziwa kuwerenga," anayankha a Anesi.

Anamukumbutsa kuti khadi lili ndi mbali ziwiri. Kutsogolo kunali dzina la munthu, mudzi wake ndi matenda ake. Iwo ndi amene ankasanja makadiwo Loweruka lililonse, ndiye ankadziwa zimene zinali mmenemo. Munali khadi la mwamuna wa a Malita oyandikana nawo, amene mudzi wonse unauzidwa kuti anafa ndi malungo. Mwana wa a Malita anali pa sekondale, ndipo tsiku lina akanatha kukalowa mulaibulale yomweyo.

Grey anati zimenezo n'zakale, eni ake ambiri anamwalira, ndipo anthu ophunzira alibe nthawi yofufuza matenda a matenanti. Anatinso mayi ake akukokomeza nkhani yaing'ono. Analankhula kwa nthawi ndithu, monga amachitira munthu amene walonjeza kale.

A Anesi sanatsutse. Anamasula katoni yachiwiri, n'kuyendetsa zala m'makadimo mosafulumira. Anasololamo limodzi n'kumupatsa, mbali ya sitima ili pamwamba.

Grey anawerenga. Inali nkhani ya tsiku limene sitima ya Angerezi inakawombera ya Majeremani pa nyanja mu 1914, yolembedwa bwino ndi tizilembo ting'onoting'ono mpaka m'mphepete. Anamwetulira, n'kunena kuti zoterezi ndi zimene mphunzitsi uja akufuna.

"Tembenuza."

Kutsogolo kunali dzina lake iye mwini, Grey. Mwezi unali wa June, chaka chimene fodya anagulidwa bwino ku okushoni, iye n'kukhala ku Lilongwe sabata yathunthu m'malo mwa masiku awiri. Matendawo anali aja amene amuna amabwera nawo kuchokera m'maresitihausi. Nthawi imeneyo n'kuti atangokwatira Evelyn. Bambo ake anamubaya jakisoni osanena kanthu, n'kupatsanso Evelyn mankhwala amene anamuuza kuti ndi owonjezera magazi. Zaka zonsezi Grey ankakhulupirira kuti nkhaniyo inathera m'chipinda choyezera odwala.

"Munkadziwa?"

"Ndinalisanja ndine," anatero mayi ake. "Unandimvapo ndikutchula?"

Manyazi anamugwira mpaka anasowa poyang'ana. Panja panamveka mawu a Evelyn, amene amachokera kolembetsa mayina a makuponi a feteleza, akudandaulira a Malita kuti chaka chino dzina lawo lasiyidwanso.

Grey anapinda khadilo kuti aling'ambe, koma mayi ake anamugwira dzanja.

"Kopera kaye. Za bambo ako zili kuseri."

Masana omwewo Grey anaimbira mphunzitsi uja kuti asavutike kubwera, adzalandira makope ntchito ikadzatha. Mphunzitsiyo anati makope olemba pamanja alibe ntchito kwenikweni, iye amafuna zolemba za mwini wake, ndipo sanaimbenso. Chiliza chinatsegulidwa popanda mlendo wa ku yunivesite.

Makadi anali oposa zikwi ziwiri. Grey ankakopera masana aliwonse akachoka kothirira nazale, ndipo khadi lililonse akamaliza ankalipereka kwa mayi ake chafufumimba, kuti akaliponye pamoto iye asanaone dzina.