Mwini Jekete Alibe Foni

Uthenga wochokera kuchipatala unamupeza Telala ali ndi mapini atatu pakamwa. Linali Lachiwiri m'mawa, akupinda m'munsi mwa siketi ya mwana wasukulu. Anawerenga kawiri, nalavulira mapiniwo m'dzanja. Chifuwa chimene iye ankati n'cha fumbi la nsalu sichinali cha fumbi ayi. Anali atamupeza ndi matenda a mliri uja.

Anakhoma chitseko nakhala pa mpando wa makina. Shopu yake inali kachipinda kamodzi koyang'ana kumsewu, ka zenera la zitsulo, ndipo kuseri kwa katani n'komwe ankagona. Kubindikira sikunali kovuta kwa mayi wokhala yekha. Chovuta chinabwera masana, foni italira.

"Ndine wa zaumoyo, mayi. Ntchito yanga ndi kufufuza anthu amene mwakhala nawo pafupi masiku apitawa, kuti tiwachenjeze ndi kuwayeza. Mungandiuzeko mayina awo?"

Anali mawu a mtsikana, aulemu ndithu, koma otopa ngati a munthu amene wakhala akutukwanidwa chiyambire m'mawa.

"Ine sindikumbuka," anatero Telala, nadula foni.

Limeneli linali bodza, bodza lake losokedwa mothamanga. Telala kuiwala munthu? Mayi ameneyu ankatha kukuonani mukudutsa tsidya la msewu n'kudziwa kuti chiuno chanu chawonjezera mainchesi awiri chichokereni chaka chatha. Kuwonjezera apo anali ndi kope la miyeso. Aliyense amene anamuzunguliza tepi ankalowa m'menemo: tsiku, mapewa, chifuwa, chiuno, nambala ya foni. Mayina enieni sankavutika nawo, ankalemba amene iye mwini ankawapatsa anthu mumtima. Munali a Khosi Lalitali, a Sindinanenepe, a Mawa Ndibwera. Ndipo kuyeza munthu si ntchito yogwirira patali. Umachita kumukumbatira ndi tepi, mpweya wako n'kumamuomba pakhosi.

Chimene chinamumanga lilime ankachidziwa aliyense mumsewu umenewo. Mwezi wapitawo wometa tsitsi wa pakona anapezeka nawo matendawa, natchula mayina onse mokhulupirika. Kunabwera galimoto yoyera ikulira ngati kwagwa ngozi, ndi anthu ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kumagogoda khomo ndi khomo dzuwa likuswa mtengo. Wometayo anachira bwinobwino, koma mpando wake unkangotuwa ndi fumbi. Anthu ankati ndi wogulitsa anzake, ndipo ankalolera kuyenda ndi tsitsi ngati tchire kusiyana n'kumupatsanso mutu.

Madzulo mlamu wake, mkazi wa mchimwene wake, anabweretsa chakudya, nachisiya pakhomo, n'kubwerera m'mbuyo mapazi asanu.

"Alamu, musayerekeze kutchula munthu, mwamva? Imwani mankhwala, mugone. Milungu iwiri si chaka. Anthu tiziwauza kuti mwapita kukaona odwala."

"Nanga amene ndinawayeza aja?"

"Aliyense ali ndi Mulungu wake. Mukaulula, mudzasokera ndani? Makoswe?"

Telala anaseka, kusekako n'kusanduka chifuwa. Mumtima anagwirizana naye mlamuyo. Makina amenewo anawagula atavutika, ndipo anali ndi mantha enieni kuti angawataye chifukwa cha pakamwa.

Lachitatu m'mawa anatsegula kope lija, ati kungowerenga chabe kuti amene anawayeza masiku apitawo analipo angati. Analipo khumi ndi mmodzi. Khumi anali ndi manambala. Womaliza, wa Loweruka, analembedwa motere: Agogo a Jekete, mapewa 17, mkono 24, kubweza m'mbali, adzatenga Lachisanu. Pa nambala panali mzere wokha, chifukwa agogowo anati foni ndi ya anthu amene ali ndi zonena zambiri.

Koma zonena anali nazo iwo! Anabwera ndi jekete la bulauni lokulungidwa m'pepala la pulasitiki, lakalekale koma losamalidwa, limene tsopano linkawalendewera m'mapewa. Nthawi yonse imene Telala ankawayeza, pakamwa pawo sipanatseke. Mwana wawo wamkazi anabereka mwana wosakwana masiku, wa miyezi isanu ndi iwiri. Khandalo linakhala milungu isanu m'kabokosi kagalasi kuchipatala, ndipo linali litangotuluka kumene. Loweruka likubwerali n'limene agogowo ankapita kukamuona koyamba mdzukulu wawoyo ndi kukamunyamula. "Ndikufuna andione ndili bwana," anatero, "asaganize kuti agogo ake ndi munthu wamba."

Telala anakumbukiranso china. Telala aliyense amasunga mapini pakamwa, manja ali pa nsalu. Tsiku limenelo anatsitsira masiki pachibwano kuti alume mapini, naweramira pa kolala ya agogowo. Anatsokomola kawiri. Agogowo mpaka anati, "Pepani, mayi."

Anatenga foni naimba nambala ya dzulo ija.

"Mtsikana iwe, ndine telala uja wosakumbuka. Ndakumbuka. Koma pali malamulo anga. Galimoto yanu yolira ija isaponde mumsewu muno. Ndipo aliyense ndiyamba ndamuimbira ndekha, iwe uzibwera pambuyo. Anthu amenewa anandipatsa manambala kuti ndiziwauza kuti diresi latha, osati kuti ndiwapereke kwa alendo iwo osadziwa."

"Galimoto ija tinaisiya, mayi," anayankha mtsikanayo. "Tinalakwitsa, ndipo tikukolola mpaka lero. Pa anthu khumi amene ndimaimbira, asanu ndi awiri amandidulira foni."

"Ngati ine."

"Inu mwaimbanso. Sabata ino ndinu oyamba."

Tsiku lonselo Telala analitha ali pafoni, kapu ya madzi otentha ili pambali. A Khosi Lalitali analira, kenako anathokoza, chifukwa kunyumba kwawo kunali amayi awo odwala shuga. A Sindinanenepe anamutsira mawu osayenera kulembedwa, nati nsalu yawo aibweze osaisoka. A Mawa Ndibwera anati akayezetsa mawa, Telala n'kuwakalipira mpaka analumbira kuti anyamuka pompo. Ena anangoti zii, n'kudula. Akamaliza mmodzi, ankatumiza nambala kwa mtsikana uja, n'kuchonga m'kope ndi choko chosokera.

Pofika Lachinayi nkhani inali m'kamwam'kamwa. Mayi wogulitsa zipatso pafupi ndi khomo lake anasamutsa tebulo lake kupita tsidya lina. Mlamu anabwera nkhope ili gwa.

"Mwadziwotcha nokha, alamu. Ndinakuuzani ine."

"Munandiuza. Chakudyacho siyani pomwepo."

Khumi anali atachongedwa. Wotsala anali mmodzi, yemwe uja anamuchititsa zonsezi. Mtsikana wa zaumoyo anafunsa komwe agogowo amakhala, dzina lawo, ngakhale dzina la mwana wawo. Telala ankadziwa kutalika kwa mkono wawo ndi kuti phewa lawo lamanja n'lotsika pang'ono, basi. Agogowo anali atanena kuti amakwera maminibasi awiri pobwera, koma kodi maminibasi awiri ndi keyala?

"Ndiye tiwapeza bwanji, mayi?"

"Abwera okha mawa. Munthu sasiya jekete lake. Iwe ubwere wapansi, uvale ngati munthu."

Jeketelo linali lisanathe. Telala anasamba m'manja, navala masiki, n'kukhala pa makina thupi likutentha. Phazi linkalemera pa chopondera, ulusi unkakana kulowa pa singano chifukwa maso ankaona mabowo awiri. Anasoka, kupuma, kusokanso. Mzere umodzi unakhota, anausula n'kuyambiranso, pakuti kudwala si chifukwa chopatsira munthu chovala chopotoka. Atamaliza analisita ndi simbi yotentha kwambiri, nalikulunga m'pulasitiki yatsopano.

Lachisanu anatsegula zenera kusanatenthe, nakoka mpando kukhala pomwepo. Mtsikana wa zaumoyo anafika ndi chikwama chakumsana, atavala siketi wamba ndi nsapato zafumbi, kamunthu kochepa thupi koti ukakumana nako ungati kakupita kukalembetsa sukulu. Anapereka moni patali nakhala pa benchi la pakhonde. Anadikira. Anadutsa okankha ngolo, ana asukulu, wogulitsa masache. Onse pofika pa shopuyo ankakhotera pakati pa msewu ngati pali dzenje.

Dzuwa linafika pamutu, n'kuyamba kupendeka. Mutu wa Telala unkagunda. Mtsikana uja anamupempha kuti akagone, iye aziyang'anira.

"Uwadziwa bwanji? Sunawayeze ndiwe."

Komabe tulo ta malungo sitipempha chilolezo. Anatsamira pa zitsulo za zenera n'kusinza. Chimene chinamudzutsa ndi mawu a mlamu wake akukuwa kuchokera kukona.

"Alamu! Si awa madala anu? Anali akubwerera! Wa golosale wawauza kuti kuno kuli imfa!"

Mlamu yemwe uja wa makoswe anali akubwera chammbali, mtunda wa mapazi asanu, akuwakusa agogowo ndi mawu okha. Agogowo anaima pakati pa khonde ndi msewu, chipewa chili m'manja.

Telala sanazungulire. Anawauza kuti ali ndi matenda a mliri, kuti tsiku lija anali nawo kale osadziwa, ndi kuti anawatsokomolera pakhosi.

"Ine ndili bwinobwino," anatero agogowo. "Ndipatseni jekete langa ndizipita."

Mumtima mwa Telala munabwera ganizo loti alikanize mpaka avomere kuyezedwa. Analikana ganizolo. Akanatero akanakhala ngati galimoto yoyera ija, yogwira anthu pakhosi. Anatulutsa phukusilo pakati pa zitsulo naliponya pa benchi.

"Ndi lanu, agogo. Ine sindigwira chovala cha munthu chikole."

Agogowo analitola. Pomwepo mtsikana uja anaimirira nanena ntchito yake, ndipo nkhope ya agogowo inasintha.

"Ohoo! Mwanditchera msampha eti? Ine ndikukudziwani inu. Mnzanga woyandikana naye nyumba munamulemba m'mabuku mwanumo, munamutenga, ndipo sitinamuonenso ngakhale nkhope. Wolowa m'mabuku mwanu sabwerera."

"Pepani za anzanuwo, agogo," anatero mtsikanayo, osasuntha pamene anaima. "Ine sinditengera munthu kulikonse. Ndingopisa kathonje m'mphuno, inu mupite kwanu, mukakhale panokha kudikira zotsatira. Mukakana, ndilibe chingwe chokumangirani."

"Ndakana," anatero agogowo, navala chipewa, natembenuka.

Telala anaimirira atagwira zitsulo ndi manja onse awiri. Msewu wonse unali maso: wa zipatso, wa golosale, ngakhale wometa uja ataima pakhomo pa shopu yake yopanda anthu. Sanasamale. Anakweza mawu mmene chifuwa chinamulolera.

"Agogo! Munandiuza nokha kuti mwanayo anabadwa wolemera ngati paketi ya shuga ndi theka. Ine ndili ndi mapapo a munthu wamkulu, koma kuchoka pabedi kufika pazenera pano ndikupuma ngati ndakwera phiri. Nanga iye? Wolakwa ndine, ndavomera pamaso pa anthu onsewa, ndipo mwina sindidzasokanso mumsewu muno. Koma kulakwa kwangaku musakunyamule m'jekete kukakupereka kwa khanda."

Mpweya unamuthera, natsokomola mpaka misozi. Atadzutsa mutu, agogowo anali asanachoke. Anaima chomwecho, atafungatira phukusi lija pachifuwa. Kenako anabwerera pang'onopang'ono nakhala kumapeto kwa benchi.

"Kukhosi kwakhala kukundikanda chiyambire dzulo," anatero motsitsa. "Ndimati ndi mphepo ya m'minibasi."

Mtsikana uja anavala magolovesi, nachita ntchito yake mofatsa, agogowo akutsinzina. Atatha anafunsa ngati mwana wawoyo ali ndi foni. Munthu wopanda foniyo anatchula nambala yonse pamtima, osaphonya ngakhale imodzi. Mtsikanayo anaimba, nakweza mawu a foniyo, naiika pa benchi pakati pawo.

"Mwana wanga, ndine bambo ako. Mawa sindibwera."

"Bwanji, ababa? Takonza kale zonse. Mwadwala?"

Agogowo anatsegula pakamwa kuti afotokoze, koma kuseri kwa mawu a mwana wawoyo kunamveka kulira. Kanali kakulira kowonda, kokwiya, kosalekeza. Telala anakumva ali pazenera, ndipo misozi inatsikira m'masiki osaipukuta. Anali wotopa, wamantha ndi za mawa, koma mtima wake unali pansi koyamba chiyambire Lachiwiri.

"Dikirani ababa, ndimutonthoze kaye."

"Ayi, usamutonthoze," anatero agogowo, ataweramira pa foniyo manja ali kumbuyo kuti asaikhudze. "Musiye alire pang'ono, ndimumve."

Anamvetsera mpaka khandalo linatopa lokha. Atatero anamuuza mwana wawo zonse, namulonjeza milungu iwiri, natsanzika. Anapukuta m'maso ndi chipewa, natembenukira kwa mtsikana wa zaumoyo.

"Tulutsa cholembera, mwana wanga. Pakhomo panga timakhala anthu asanu, ndipo dzulo ndinakacheza kwa mlongo wanga. Tiyambe ndi iyeyo, ndi wa mphumu."