Mwendo wa a Nakoma

Jesinta anatsika minibasi pamsika wa Ndirande dzuwa lili paliwombo, n'kuyamba kukwera mtunda atakolekera chikwama cha mafomu paphewa. Anali nesi wa kafukufuku. Ntchito yake inali kulondola anthu amene anaikidwa chitsulo m'fupa atathyoka mwendo, kuti madokotala adziwe kuti angati amachira ndipo angati bala limawavuta. Ikatha miyezi isanu ndi umodzi, foni sinkakwanira. Ankayenera kumuona munthuyo ndi maso, ayende masitepe khumi, aonetsenso chipsera.

A Maxon Nakoma ankayendetsa kabaza wa njinga yamoto asanagundidwe ndi lole. Jesinta anali atawaimbira katatu, ndipo katatu konse yankho linali limodzi: "Tili bwino, anesi. Mukawathokoze adokotala."

Anawapeza pakhonde atavala jekete ndi buluku lositasita, kutentha konse kwa Okutobala kuja. Akazi awo, a Eliness, anamuyalira chitenje pabenchi.

"Mwatipeza bwanji kuno kopanda adiresi?" anafunsa a Nakoma.

"Ndafunsa kwa amayi ogulitsa makala. Akuti ndinu aja munkathamangitsa njinga ngati mukuthawa apongozi."

A Eliness anaseka pang'ono, n'kuleka msanga.

A Nakoma anaimirira opanda ndodo. Anayenda kuchoka pakhonde mpaka pachingwe choyanikapo zovala, n'kubwerera, akumwetulira, thukuta lili kamukamu. Jesinta anatsala pang'ono kuchonga pafomu. Kenako anaona ntchentche. Zinkatera pabuluku, m'munsi mwa bondo, pamalo amodzi omwewo, ndipo akaziingitsa zinkabwereranso. Mphepo itatembenuka anamva fungo limene ankalidziwa bwino la muwodi.

"Tapindani buluku, bambo."

"Ndayenda, si mwaona nokha?"

"Ndaona. Tapindani."

"Bambo a Tiyanjane, aonetseni," anatero a Eliness.

"Mayi, kawatungireni madzi akumwa alendowa."

A Eliness sanasunthe. Analankhula akuyang'ana pansi. "Bala likutuluka mafinya kuyambira Ogasiti. Nsanza ndimachapa kawiri patsiku."

Jesinta anaika cholembera pabenchi. Anawafotokozera mosabisa kuti tizilombo talowa m'fupa. Akabwera msanga madokotala akatsuka, mwina n'kuchotsa chitsulocho, mwendo n'kupulumuka. Akachedwa, mwendo udulidwa.

A Nakoma anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali pamaondo.

"Adokotala aja anaima maola anayi pamwendo umenewu," anatero. "Anatuluka malaya atanyowa. Tsiku londitulutsa anandigwira dzanja, ine wakabaza. Ndiye lero mulembe papepala kuti ntchito yawo yawola, mabwana awo akawerenge?"

"Pepalali si loimbira munthu mlandu, bambo. Bala limavuta ngakhale dokotala atagwira bwino ntchito. Iwo omwewo ndi amene andituma. Akufuna adziwe."

"Amene ankagona bedi loyandikana ndi langa anabwererako ndi bala. Pano ali ku Bangwe, mwendo anaudula, buluku amalimanga ndi pini."

"Anabwera mochedwa."

A Nakoma anaingitsa ntchentche pabuluku. Kuseri kwa mpanda wina ankakhoma malata.

"Anesi, tsiku losaina lija munatiwerengera kuti munthu akafuna atha kutuluka m'kafukufukuyu, osafunsidwa chifukwa. Zinali zoona?"

Jesinta anali atawerengera anthu ambirimbiri mawu amenewo, pang'onopang'ono, kuti aliyense amve. Sakanawakana lero.

"N'zoona."

"Basi ndatuluka."

"Kutuluka m'kafukufuku si kutuluka m'chipatala. Bwerani Lachiwiri ngati wodwala wina aliyense. Ine sindilemba kanthu za balalo."

"Zikomo kwambiri, anesi. Mayi, aperekezeni."

A Eliness anamuperekeza mpaka pamjigo. Jesinta anawapatsa mabandeji onse amene anali m'chikwama, n'kuwauza chitseko chokagogoda. M'minibasi anatulutsa fomu ija. Pamzere wa a Nakoma analemba kuti atuluka mwa kufuna kwawo, ndipo mabokosi ena onse anawasiya opanda kanthu, monga lamulo la kafukufuku linkanenera.

Lachiwiri benchi ya odwala mafupa inadzaza m'mamawa. Jesinta ankasuzumira pakhomo pafupipafupi. Cha m'ma leveni anaona a Eliness ataima kumapeto kwa mzere, okha, atagwira kabuku ka kuchipatala ka amuna awo.

"Akana," anatero a Eliness. "Akuti mwendo ndi wawo. Ati ndiwatengereko makapisozi."

Jesinta analowa nawo kwa dokotala amene anali pantchito tsikulo. Dokotalayo anawerenga kabukuko, n'kupukusa mutu. Mafinya a m'fupa satha ndi makapisozi okha, ndipo sakanalemba mankhwala a mwendo umene sanauone.

Atatuluka, a Eliness anakulunga kabukuko kunsonga ya chitenje, n'kumanga mfundo.

"Anesi, ndifunseko. Akamadula, amadula pati?"

"Akabwera mwezi uno, mwina sadula n'komwe."

"Akapanda kubwera?"

Jesinta anawerama, n'kuika dzanja pamwendo wake, m'munsi mwa bondo.

"Nanga mvula ikagwa asanabwere?"

Jesinta anakweza dzanja lija mpaka pantchafu.

A Eliness anayang'anitsitsa pamene panali dzanjalo. Anagwedeza mutu, anathokoza, n'kuyamba kudutsa pakati pa anthu a ndodo kulowera kugeti.