Atelala Akana Kutseka Shopu

Tsiku lomwe Atelala anagwera pa makina osokera ali mkati mopinda thalauza la kasitomala, mwana wawo wamkazi anagamula mlandu yekha.

"Basi bambo, shopuyi titseka. Mukakhala kwathu. Ukalamba salimbana nawo."

"Ukalamba wa ndani? Ndinakubereka ndine, lero undiuze tsiku lopuma?"

Komatu mumtima ankadziwa kuti zinthu sizili bwino. Akangoimirira, chipinda chonse chinkazungulira. Masana tulo tinkawapeza ulusi uli kukamwa. Chomwe ankakana n'chakuti vuto ndi zaka, poti mkulu wawo weniweni anali akupalasabe njinga.

M'mawa mwake anasonkhanitsa mankhwala onse, a pawindo, a m'kabati, ngakhale a m'thumba la jekete, n'kuwaponya mu jumbo. Mwana uja anawatsatira mpaka ku famase, akudandaula njira yonse.

Wamankhwala anali mayi wa magalasi, wosapupuluma. Anakhuthulira jumbo ija pa kauntala n'kuyamba kufunsa botolo ndi botolo.

"Awa anakupatsani ndani, bambo?"

"Dokotala wa mtima."

"Nanga awa?"

"Ku chipatala chaching'ono chija, nditapita ndi mutu."

"Mumamwa onse?"

"Ine sindiphonya, mayi. Akati imwa, ndimamwa."

Mayiyo anaika mabotolo awiriwo pamodzi. Anati mayina ndi osiyana koma mankhwala ndi amodzi, otsitsa kuthamanga kwa magazi, ndipo Atelala ankamwa kawiri. Pamwamba pake panali mapiritsi ogonetsa omwe Atelala anapatsidwa mkazi wawo atangomwalira, ndipo palibe anawauza zosiya.

Atelala anatembenukira mwana wawo, maso ali gwa.

"Wamva? Andikalambitsa ndi mabotolo! Tayani zonsezi, mayi, sindimwanso kanthu."

"Ayi, pamenepo ndiye tiyambana," anatero wamankhwala. "A shugawa simusiya. Ogonetsawa sasiya mwadzidzidzi, tichepetsa pang'onopang'ono. Ndipo sindichotsa kalikonse ndisanalankhule ndi dokotala wanu. Khalani pabenchipo."

"Ndaima bwinobwino."

Anaimadi choncho, atagwira kauntala ndi manja onse, mpaka foni inatha. Dokotala anavomera. Botolo limodzi linatsala komweko, ndipo wamankhwala anawauza kuti azibwera kudzayezetsa kuthamanga kwa magazi.

Masiku oyamba anali owawa. Tulo tinkavuta, Atelala ankakalipira aliyense, ngakhale lumo. Mwana wawo anabweranso ndi nkhani yosamuka, iwo anangokweza wailesi. Koma mwezi usanathe chizungulire chinachepa, ndipo ankatunga singano osaitana mnzawo wa shopu yoyandikana.

Loweruka lina mwana uja anatulukira atanyamula suti ya mwamuna wake, akuti yathina pamimba ndipo ikufunika mawa.

Atelala sanadzutse n'komwe mutu pa makina.

"Anthu anabwera kale awa ukuwaonawa. Uza apongozi anga achepetse kudya, apo ayi, ima pamzere."