Mpando Wakutsogolo

Galimoto ya banja la bambo a mapasa inali yaing'ono ndiponso yaifupi. Ana anaipatsa dzina loti Kachule chifukwa ikamanyamuka inkayamba yadumpha kaye. Inawatumikira zaka zambiri popanda wodandaula, mpaka pamene apongozi aamuna a bambowo anadwala sitiroko n'kubwera kudzakhala nawo.

Agogo, monga mmene mapasa ankawaitanira, anachira ndithu, koma mwendo wamanzere unatsala wolemera. Kuti alowe mu Kachule pankafunika anthu awiri, wina kuwagwira m'khwapa, wina kuteteza mutu kuti usagunde denga. Kutuluka ndiye kunali ntchito yeniyeni. Tsiku lina pachipatala, popita ku mafizo olimbitsa mwendowo, mkamwini wawo anachita kuwakoka ngati thumba anthu akuona. Kuyambira pamenepo agogo anayamba kukana maulendo.

"Pitani, ine ndiyang'anira nyumba," ankatero.

Mayi a mapasa, omwe ankagwira ntchito ya unamwino, ndiwo anayambitsa nkhani yogula galimoto yaitali ya mtundu wa SUV, osati zikuluzikulu zija koma yapakatikati. Amuna awo sanakane, koma sanavomerenso. Anali munthu woti akafuna kugula nsapato amazungulira masitolo onse, kenako n'kubwerera kunyumba atavala zakale zomwezo.

"Zimenezo zimamwa mafuta," anatero. "Komanso anzanga kuntchito adzati ndayamba kudzimva."

"Anzanuwo ndi amene amanyamula adadi?" anafunsa akazi awo mofatsa, akupinda zovala.

Loweruka m'mawa anapita onse kogulitsira magalimoto. Agogo anavomera kutsagana nawo atanyengereredwa ndi adzukulu awo. M'chipindamo munali mozizira, pansi pakuwala, ndipo munkamveka fungo la matayala atsopano. Mayi wogulitsa, wovala jekete yabuluu, anawatengera pa galimoto yotuwa n'kuyamba kufotokoza za kamera yoonera kumbuyo, mabatani a pachiwongolero ndi mipando yopindika. Mapasa anali atakwera kale, akukanganirana mbali ya zenera ngakhale kuti mazenera anali awiri.

Bambo a mapasa anazungulira galimotoyo manja ali kumbuyo. Anagogoda tayala ndi nsapato, anasuzumira pansi pake, anafunsa za mafuta, kenako anafunsanso funso lomwelo mwa njira ina. Akazi awo anatsegula buti kuti aone ngati njinga ya olumala ya agogo ingalowe osachotsa matayala ake.

Makolo a mapasa ndi wogulitsa uja anali kumbuyoko pamene anamva chitseko chakutsogolo chikutsekeka. Atasuzumira anapeza agogo ali phee pampando, ndodo ili pakati pa miyendo. Mpandowo unali wolingana ndi chiuno chawo, choncho anangotembenuka, kukhala, n'kukweza mwendo wolemera uja ndi dzanja.

"Adadi, wakukwezani ndani?"

"Ndani winanso? Nonse munali kalikiliki ndi buti."

Wogulitsa uja anasiya zofotokoza n'kukatenga makiyi kuti akaiyese mumsewu. Bambo a mapasa anayendetsa pang'onopang'ono, mapewa ali gwa, moti njinga yamoto inawapitirira ikuliza hutala. Ankaona ngati galimotoyo yadzaza msewu wonse. Agogo anatsitsa galasi n'kumaona masitolo, malo ometera, ndi nyumba ina yatsopano imene inamangidwa iwo ali chigonere.

"Apa panali pogulitsira matabwa," anatero. Mayi a mapasa anawayang'ana nthawi yaitali ali kumbuyoko.

Sanagule tsiku limenelo. Bambo a mapasa anangopempha muyeso wa galimotoyo, ndipo atafika kunyumba anatenga tepi n'kulowa m'galaja. M'lifupi inkakwana, koma m'litali inkagunda mashelefu amene anakhoma okha kukhoma lakumbuyo atangosamukira m'nyumbayo. Pamashelefupo panali zitini za penti, mabokosi a misomali, wailesi yakufa ndi zina zambiri zimene ankati tsiku lina zidzagwira ntchito.

Ali chiimire choncho, agogo anafika pakhomo la galaja ndi ndodo yawo.

"Bambo a mapasa, ndinene mawu amodzi. Musagule chinthu chachikulu chonchi chifukwa cha ine. Ine ndine wa lero ndi mawa. Mudzatsala nacho, muzidzanditukwana mumtima pothira mafuta."

Mkamwiniyo anapinda tepi yake pang'onopang'ono.

"Abambo, kukutukwanani sindingayerekeze. Koma ndikufunseni. Mukanakhala ndi galimoto yoti mumakwera nokha, mukanapita kuti?"

Agogo anaganiza kaye. "Ku mafizo, poti mwana wangayu sandipatsa mtendere." Anatsamira pa ndodo yawo. "Komanso kwa mng'ono wanga. Sindinaone nyumba yake chisamukire. Amangondiuza pafoni kuti khonde lake ndi lalikulu, mwina akunama."

"Ndiye tikaone ngati akunama."

"Ine sindinanene kuti mugule."

"Ndamva, abambo."

Mawa lake masana, mayi a mapasa akutsuka mbale, anamva kugogoda m'galaja. Anapeza amuna awo atakwera pampando, akumasula shelefu yapamwamba, fumbi lili mbuu m'tsitsi. Agogo anali atakhala pakhomo akulamula zoti zitayidwe ndi zoti zisungidwe, ndipo wailesi ija inali kale pamulu wa zotaya.

"Kodi ndiye kuti mwaganiza?" anafunsa mayiwo.

"Ndikungokonza m'galaja," anayankha amuna awo osatembenuka. "Koma muwaimbire ogulitsa aja mawa. Muwafunse ngati ali nayo yoyera. Yotuwa ija yandiopsa, ikuoneka ngati ya abwana."

Yoyera inalipo. Pokaitenga, anayendetsa ndi mayi a mapasa, agogo ali pambali pawo. Bambo a mapasa ankatsatira m'mbuyo ndi Kachule, amene anagwirizana kuti amupereke kwa mlongo wawo wophunzira kuyendetsa. Pamaloboti mvula inayamba kuwaza, ndipo anaona akazi awo akuyatsa ma indiketa, kenako magetsi, kenako kupopera madzi pagalasi lakumbuyo, asanapeze poyatsira mawaipa. Anaseka okha, n'kusiya mpata waukulu pakati pa magalimoto awiriwo mpaka kunyumba.