Diresi Lomaliza la Agogo

Agogo atamwalira, diresi la ukwati la Mzime linatsala lili lende kuseri kwa chitseko cha chipinda chawo, atalifunditsa nsalu yakale ya pabedi kuti lisagwire fumbi. Aliyense m'nyumbamo ankathokoza Mulungu kuti gogoyo anamaliza kulisoka asanatsikire kuli chete. Mzime yekha ndiye ankaliopa diresilo ngati muli njoka.

Ankamutcha Mzime chifukwa ndiye anali mdzukulu womaliza, ndipo ngakhale anali atakula mpaka kukhala katswiri woluka tsitsi ku saluni ya pafupi ndi depoti ya mabasi, pakhomo anali mwana basi. Tsono mwana ameneyu anali ndi pakati. Ankadziwa nkhaniyi ndi iye ndi bwenzi lake, dalaivala wa lole amene ankayembekezera kumanga naye banja. Pamene agogo ankadula nsalu ya diresilo n'kuti chiuno chake chili ngati cha mavu, koma tsopano masiketi ake onse ankachita kuwagwiriza ndi pini. Ukwati unali utayandikira, ndipo azakhali anali atalamula kuti Loweruka masana aliyese diresilo iwo akuona.

Azakhaliwo anali mwana woyamba wa agogo komanso mtsogoleri wa amayi kutchalitchi. Mtima wawo sunali woipa ayi, koma pakamwa pawo panalibe chitseko. Nkhani ikawapeza m'mawa, pofika madzulo inali itazungulira mpingo wonse. Zipi ikakana kukwera pamaso pa munthu wotere, kuli kuthawira kuti?

Komabe chimene chinkamudya kwambiri Mzime si azakhali. Chinali choti agogo anapita iye akuwabisira. Ankafuna kuwauza, koma akangowaona atawerama pa makina akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi, ankasintha maganizo. Ankaopa kuti nkhope imene inkawala iye akalowa idzachita mdima.

Agogowo anali telala kuyambira ali mtsikana. Amuna awo anamwalira ana akadali ang'onoang'ono, ndipo iwo ananyamula makina opalasa ndi miyendo n'kukawaika pakhonde la sitolo ina, pomwe anakhalapo mpaka tsitsi lonse linachita mbuu. Anasoka mayunifomu a ana asukulu, kenako a ana a anawo, mikanjo ya kwaya, makatani, ngakhale kuika zigamba pa mathalauza a anthu amene sankayenera n'komwe kupatsidwa moni. Lamlungu makina ankafunditsidwa, ndipo ngakhale utabwera ukulira kuti batani laduka, ankangokupatsa pini n'kukuuza kuti tionane mawa. Miseche sankaidziwa. Ankati pakamwa podzaza mapini sipakhala malo a nkhani za eni. Tepi yoyezera inkangokhala m'khosi ngati mkanda, poti iwo ankamuyeza munthu ndi manja: kumugwira m'mapewa, kumuzunguliza mikono m'chiuno, basi atenga sizasi. Miyendo itayamba kuvuta anabweretsa makina kuchipinda, koma kupuma anakana. Zaka zawo ankati anasiya kuziwerenga ataona kuti sizikutha.

Loweruka lija azakhali anafika msanga, n'kudzikhazika pa mpando waukulu wa pabalaza, kapu ya tiyi ili m'manja.

"Kavale tione, iwe. Ine sindinabwerere tiyi."

Mzime analowa m'chipinda cha agogo pamodzi ndi amayi ake, amene anakhala ndi apongozi awowo kuyambira pa ukwati wawo, akuwathandiza kupinda mipendero ndi kusita. M'chipindamo munkamvekabe fungo la mafuta a makina. Amayi anachotsa nsalu ija, diresi linaoneka, loyera kuti mbee. Mzime analivala, n'kutembenuka kuti amutsekere kumbuyo.

"Amayi, zipi ikakana musaikakamize," anatero motsitsa mawu.

Anakoka mpweya, n'kutsinzina. Zipi inangoti fyuu mpaka m'khosi.

Anatsegula maso. Palibe pamene pankamuthina. Anatulutsa mpweya uja pang'onopang'ono, mimba n'kubwerera m'malo mwake, koma diresi linangomulandira. Atayang'ana pagalasi la pakabati anaona kuti silinali monga anagwirizanirana poyamba. Iye anapempha logwira m'chiuno, koma agogo anali atakweza chiunocho kufika m'munsi mwa chifuwa, n'kusiya nsalu ikutsika momasuka kutsogolo. Linali lokongola kuposa limene anapempha.

Amayi anagwada kuti aone kutalika kwake, ndipo mwachizolowezi anatembenuza nsalu kuti aone msoko wa m'mbali. M'katimo agogo anali atasiya nsalu yambiri yopinda, yoposa chikhatho, n'kuisoka motalikitsa ulusi kuti idzamasuke mosavuta.

"Msoko uwu ndimaudziwa," anatero amayi osadzutsa mutu. "Apongozi anga ankausiyira akwatibwi amtundu umodzi wokha. Ndipo sankanena kwa munthu, ngakhale kwa ine."

Apa m'pamene Mzime anakumbukira. M'miyezi yomaliza agogo sankathanso kuona bowo la singano, choncho madzulo alionse iye akaweruka ankamuitana kuti awalowetsere ulusi. Akatero ankati, "Tandidzutsa, mwana wa mwana wanga," n'kumukoleka mikono m'chiuno, ndipo ankachedwa kumusiya. Iye ankayesa ndi ukalamba. Kani gogoyo ankamuyeza! Ankadziwa zonse, ndipo tsiku lililonse nkhope ija inkawalabe iye akalowa.

Mzime anafuna kugwada pansi, misozi ili chuchuchu, koma amayi anamugwira pamkono.

"Iwe, usandidetsere diresi. Lira choimirira."

Mzime anaseka m'kati mwa kulirako, mpaka mamina. Katundu amene anamusenza yekha miyezi yonseyi anali atatsika, ndipo anamva kupepuka ngati munthu amene malungo angomusiya kumene.

"Mwakhumudwa nane, amayi?"

"Ndakhumudwa kuti unavutika wekha ine ndilipo. Zinazo tikambirana, usaganize kuti wapulumuka. Taima bwino, mpenderowu ukufunika kukweza pang'ono."

Amayi anakoka dilowa ya makina kuti atenge mapini, koma dilowayo inakakamira. Ataikoka mwamphamvu munatuluka kanthu koyera kopindidwa bwino. Anakatambasula. Kanali kamalaya ka khanda, kosokedwa ndi zidutswa zotsala za diresi lomwelo, kokhala ndi timabatani titatu kumsana. Mkono umodzi unali usanalumikizidwe, ndipo singano inali chibayire paphewa, ulusi uli lende.

"Kodi mwafera momwemo?" anakuwa azakhali kuchokera pabalaza. Asanayankhidwe n'komwe, chitseko chinatseguka.

Anaima pakhomo, maso ali pa diresi. "Ee, koma amayi anga anali ndi dzanja! Taonani mmene lamukhalira. Komatu iwe uchepetse kudya, masayawa..."

Mawu anathera panjira. Anali ataona chimene chinali m'manja mwa mlamu wawo. Mzime anaona kuti amayi akufuna kukabisa kumbuyo, ndipo anadabwa kumva mawu ake omwe akutuluka osanjenjemera.

"Musabise, amayi. Azakhali, ndine woyembekezera."

Azakhali anatambasula dzanja, n'kulandira kamalayako. Anakatembenuza, anayendetsa chala pa msoko, n'kufika pa singano ija. Kasokedwe ka mayi awo sakanakasokoneza ndi ka munthu wina aliyense pansi pano.

"Amayi ankadziwa?"

"Ankadziwa," anayankha amayi a Mzime.

"Osandiuza ine?"

"Inuyo, alamu?"

Azakhali anafuna kukwiya, koma m'malo mwake kunatuluka kaphwete konyowa ndi misozi. Anakhala pa bedi la mayi awo, kamalaya kali pachifuwa, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire cha Mzime, anasowa chonena. Kenako anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango wawo, n'kuwayang'ana awiriwo mwaukali.

"Nanga mwangoti tuzu bwanji? Mupatseni mpando mwanayu, munthu wotere saima nthawi yaitali. Ndipo wina andilowetsere ulusi wina, mkono uwu ndimaliza ndine."