Nsapato za Malemu Kumwenda

Okonza mwambo anamukhazika Lois NyaMsiska pampando wakutsogolo, pafupi ndi tebulo la maluwa apulasitiki, namuuza kuti tsikulo linali lake. Lois anali atagwira unamwino zaka makumi atatu pachipatala cha mishoni, ndipo ankadziwa kuti anthu akamakukonzera pilo mopitirira muyeso, ndiye kuti sakufuna ulankhule.

Munali mu Ogasiti wa 2008, mu holo ya sekondale ina pa Boma la Rumphi. Aphunzitsi a m'boma lonse anasonkhana kuti akumbukire mwamuna wake, malemu Hezron Kumwenda, amene sewero lake, Nsapato za Manasseh, ana a Fomu 4 ankalembapo mayeso. Nkhani yake aliyense mu holomo ankaidziwa pamtima. Manasseh, mphunzitsi wolimba mtima, akufuna kupita kukanena chilungamo pamaso pa akuluakulu a chipani. Mkazi wake Dinah amubisira nsapato m'chitini cha ufa. Manasseh atuluka chosavala, napita.

Mlendo wolemekezeka anali Dokotala Horace Nkhoma, wochokera ku yunivesite ina kummwera. Anavala jekete laubweya ngakhale dzuwa linali litayamba kale kuswa mtengo, ndipo akamalankhula ankatsinzina ngati akulawa msuzi.

"Tisalakwitse, anzanga," anatero. "Dinah si mkazi ayi. Dinah ndi chizindikiro cha ulamuliro wa chipani chimodzi. Nsapato zikuimira ufulu. Nanga chitini cha ufa? Apa ndiye pagona luso la wolemba. Ufa ndi mimba. Boma lija linkatigwira pamimba."

Zolembera zinathamanga pamapepala. Lois anayang'ana mitu yowerama ija, amuna a ndevu zawo, amayi a ana awo, onse akulemba kuti ufa ndi mimba. Nsapatozo anazibisa yekha ndi manja ake, ndipo anasankha chitini cha ufa chifukwa m'nyumba monse ndi chinthu chokhacho chimene Hezron sanatsegulepo chikwatirire.

Munali mu 1987, pasukulu ya pulaimale kufupi ndi Njakwa. Hezron ankaphunzitsa Sitandade 7. Mnzake Joel Chavula, amene nyumba yake inali yachitatu pamzere wa nyumba za aphunzitsi, ndiye ankayembekezeka kukhala hedimasitala. Tsiku lina Joel ananena m'chipinda cha aphunzitsi kuti n'kulakwa kubweza mwana pasukulu chifukwa bambo ake alibe khadi la chipani. Loweruka m'mawa Hezron anasita malaya ake oyera, chinthu chimene sankachita yekha, ndipo atafunsidwa anati akupita ku ofesi ya chipani kukakwaniritsa udindo wa nzika. Nsapato anazifuna pansi pa bedi, kuseri kwa kabati, mpaka m'khola la nkhuku. Atatopa anavala mapatapata a Lois, zidendene zikulendewera kumbuyo, nanyamuka. Lachiwiri galimoto inabwera kudzatenga Joel ana akuona. Anabwerako patatha zaka zinayi alibe mano akutsogolo, namwalira asanaponye nawo voti. Hezron anakhala hedimasitala. Nthawi ya riferendamu itafika, iye ndiye anali woyamba pasukulupo kuimba za nyali, chizindikiro cha ofuna zipani zambiri, ndipo pasanathe zaka ziwiri sewero lija linatuluka.

Lois analiwerenga kamodzi kokha. Atamaliza anamufunsa, pomutchulira dzina la mwana wawo monga mwa Chitumbuka, kuti, "Awiske Mtende, Dinah ameneyu ndine?" Hezron anaseka. "Inu anamwino zolemba simuzimva. Ili ndi luso chabe."

"Taonani pamene Manasseh aponda minga," Dokotala Nkhoma anapitiriza. "Minga imeneyi ndi mazunzo a onse amene anayankhula poyera. Ndipo ndinene mosaopa kuti Manasseh ndi wolemba mwiniwake. Munthu sangalembe kulimba mtima kotere ngati sanakhale nako."

Anthu anaomba m'manja. Kenaka wapampando, hedimasitala wa sukuluyo, anati mayi a kunyumba kwa malemu anene mawu awiri othokoza asanapite kokalandira zoziziritsa kukhosi.

Lois anaimirira, nakana maikolofoni. Mawu ake anali atazolowera kufika kumapeto kwa wodi.

"Yewo chomene, a wapampando. Ine sindinaphunzire za zizindikiro. Koma Dinah ndine. Chitini cha ufa chilipo kunyumba, mukhoza kudzachiona, chinadooka pansi. Amuna anga sanapite kukanena chilungamo. Anapita kukanenera mnzawo, aphunzitsi Joel Chavula, kuti atenge mpando wawo. Ndipo sanaponde minga. Anavala mapatapata anga."

Anakhala pansi. Mphunzitsi wina kumbuyo anayamba kuseka, nasandutsa chisekocho chifuwa. Lois anayembekeza kuti wina akwiya, kapena amutcha wabodza, kapena atseka buku lake. Anali wokonzeka.

Dokotala Nkhoma anatsinzinanso. "Amayi athu atipatsa mphatso yaikulu," anatero pang'onopang'ono. "Taonani kuzama kwake tsopano. Manasseh ndi chizindikiro cha munthu amene wolemba ankalakalaka atakhala. Ndiye kuti seweroli lili ndi mutu wina umene tinali tisanauone: kulapa."

Zolembera zija zinayambanso kuthamanga. Mphunzitsi wamkazi wa ku Bolero anakweza dzanja.

"Pepani a Dokotala, nanga pamayeso ana tiziwauza ziti?"

"Zimene zili m'buku lotsogolera aphunzitsi, mayi. Izi ndi zathu akuluakulu."

Anatulukira ku mabanzi ndi zakumwa. Dokotala uja anadzamugwira Lois dzanja ndi manja awiri, napempha kuti adzabwere kunyumba ndi makina ojambulira mawu. Lois anamuuza kuti galu wake amaluma, natuluka pageti osalawa kanthu.

Koma pamene ankakwera minibasi ya ku Njakwa, mtima wake unali wopepuka. Ananena. Pa anthu onse aja ophunzira, iye yekha ndiye ananena, ndipo panali munthu mmodzi amene anayenera kumva zimenezi kuchokera pakamwa pake.

Magdalene NyaHarawa, mkazi wa malemu Joel, ankagulitsa matimati ndi mbatata m'mphepete mwa msewu, pafupi ndi mlatho, pomwe mtsinje wa Rukuru umamveka ukulira m'miyala pansi. Anali ataonda, koma maso ake anali akuthwabe. Anamupatsa Lois chigubu chopanda kanthu kuti akhalepo, namvetsera nkhani yonse uku akuunjika matimati anayianayi.

"Ndawauza onse, a NyaHarawa. Pamaso pa madokotala awo. Ndati amene ananenera aphunzitsi Chavula ndi awiske Mtende."

"Mwawauza," anatero Magdalene.

"Ndaona kuti n'koyenera kuti inunso mudziwe."

Magdalene anaika tomato lomaliza pamwamba pa mulu, napukuta manja pachitenje.

"Ndidziwe? A NyaMsiska, Loweruka limenelo ine ndinali pakhonde ndikupeta mpunga. Ndinawaona amuna anu akudutsa ndi malaya oyera, mapatapata achikazi kumapazi. Ndinaseka. Ndinawaitana bambo ake a ana kuti adzaone, tinaseka tonse awiri. Lachiwiri ndiye ndinamvetsa chimene tinkaseka."

Lois anatsegula pakamwa, koma Magdalene sanamupatse mpata.

"Sewerolo mdzukulu wanga anandiwerengera, amalemba mayeso chaka chatha. Ine za ufa ndi mimba sindizidziwa. Chimene ndinamva n'chakuti mkaziyo anadziwa Loweruka m'mawa. Kuchoka pakhomo panu kufika pakhomo pathu panali nyumba imodzi yokha pakati. Loweruka, Lamulungu, Lolemba. Lamulungu tinakhala benchi imodzi kutchalitchi, munandibwereka buku la nyimbo. Achimwene a amuna anga anali ku Lundazi, amuna angawo akanawoloka malire tsiku lomwelo. Inu nsapato zanu ndani anakubisirani?"

Lole yodzaza fodya inadutsa, fumbi n'kugwera pamatimati. Magdalene anatenga kansalu nayamba kuwapukuta limodzilimodzi.

"Ndinkaopa," anatero Lois. "Tonse tinkaopa. Ndinali ndi ana."

"Inenso ndinali nawo, asanu. Lero mwadikira amuna anu afe, chipani chife, amuna anga afe, ndiye mwakaimirira mu holo kuti akuombereni m'manja. Anakuomberani?"

"Ayi."

"Pepani chomene."

Kunabwera mayi wina wofuna mbatata, ndipo Magdalene anatembenukira kwa iye n'kuyamba kunenerera mtengo m'Chitumbuka, akuseka, ngati pachigubu paja panalibe munthu. Lois anadikira kuti wogulayo achoke. Atachoka kunabwera wina. Pomaliza anaimirira yekha, natsanzika. Magdalene anayankha mwaulemu wonse, nati apereke moni kwa Mtende ndi ana ake.

Chaka chotsatira Dokotala Nkhoma anatulutsa nkhani yaitali yonena za mutu wa kulapa m'sewero la Kumwenda, ndipo anamutumizira Lois kope lake pa positi. Dzina la Joel Chavula analilemba molakwika. Mtende, amene ankagwira ntchito ku Mzuzu, anakhala miyezi isanu osaimbira foni mayi ake chifukwa chonyozetsa bambo ake pagulu, kenaka anayambanso kuimba mwana wake atadwala malungo, pofuna kufunsa za mankhwala.

Lois anapitiriza kudutsa pa Njakwa mwezi ndi mwezi popita kukalandira penshoni. Ankakhala mbali ya kumtsinje, ndipo minibasi ikaima pamlatho kuti anthu agule matimati, iye ankayang'ana madzi mpaka inyamuke.