Mpweya wa Mkamwini

Chikwatiwire mwana wawo, atelala sanamutchulepo dzina mkamwini wawo. Ankangoti "Chimphepo uja." Mlandu wake unali woti ankaimba lipenga m'bandi ya pa maukwati, ndipo kwa atelala munthu wodyera kufufumitsa masaya sanali pantchito. Tisaname, zinkamuwawa Chimphepo. Ankalakalaka tsiku lina atamva mawu abwinoko kuchokera kwa apongozi akewo, koma pamaso pawo ankangoseka ngati wamva nthabwala.

Tsiku lina mkazi wake anamutuma kushopu ya bambo ake kuti akamupindire thalauza. Atelala anagwada, tepi ili m'khosi, choko m'manja, akung'ung'udza kuti miyendo ya anthu ena ndi yongomaliza nsalu. Kenako anangoti zii. Choko chinagwa, iwo n'kutsatira, khu! pakati pa makina osokera ndi dengu la zidutswa.

"Bambo! Bambo!" Ayi ndithu. Sankapuma.

Chimphepo anakuwira mayi wogulitsa mafoni pakhomo loyandikana kuti aimbire ambulansi. Iyeyo anali ataphunzirapo zotsitsimula munthu pa chidole cha pulasitiki: kudinikiza pachifuwa mwamphamvu, kupendeketsa mutu chakumbuyo kuti njira ya mpweya itseguke, kenako kuuzira m'kamwa. Zonse ankazikumbukira. Koma chidole si apongozi! Mutu wa imvi uja ugone pasimenti, pafumbi, mkamwini akuona? Anthu akanati analeredwa kuti? Anakoka mpukutu wa nsalu ya suti, yapamwamba yeniyeni, n'kuwatsamiritsa mwaulemu, mpaka chibwano chinagunda pachifuwa.

Anadinikiza, nadinikizanso, nthiti zikudandaula. Kenako anati, "Pepani bambo, si chipongwe," n'kugwetsa pakamwa pake pa milomo ya apongozi. Ndiye kumbukirani, uyu ndi munthu amene amakoka mawu amodzi pa lipenga kuyambira mkwatibwi akutsika m'galimoto mpaka kukakhala pampando. Anauzira ndi mtima wonse.

Chifuwa sichinakwere. Khosi lija litapindika, mpweya unatsata njira ya chakudya. Atelala, munthu woonda ngati singano yawo yomwe, anayamba kumera mimba. Batani la shati linathothoka, thu! n'kukamenya galasi loyesera zovala.

"Achimwene, akufufumatu awa!" anakuwa mayi wa mafoni uja ali pakhomo.

"Ndiye kuti ukulowa!" anayankha Chimphepo, n'kuonjezera wina.

A ambulansi atafika, choyamba anakankhira kutali mpukutu wa nsalu uja. Anawongola khosi, anaika makina awo pachifuwa, ndipo mtima unayambanso kugunda.

Kuchipatala, dokotala anaitana Chimphepo ndi mkazi wake. Anati kudinikiza kuja n'kumene kunawapulumutsa mdalayo, koma chifu chinadzaza mpweya mpaka kung'ambika, moti anayenera kuwang'amba pamimba n'kusoka. Anafunsa ngati anagwiritsa ntchito pampu ya njinga. Chimphepo anangoyang'ana nsapato zake. Mumtima ankangoti, akamwalira awa, dzina langa likhala wakupha apongozi ndi mphepo.

Opaleshoni inatha, atelala anatsitsimuka. Choyamba anakweza malaya a chipatala n'kuyang'ana bala. "Wasoka apayu anaphunzira kuti? Thumba la makala limasokedwa bwino kuposa apa." Mkamwini sanamuyang'ane n'komwe.

Nesi ananena mosapsatira. "Tikudikira chinthu chimodzi basi: aphwise. Akaphwisa ndiye kuti matumbo adzuka. Akapanda kutero, abwereranso pansi pa mpeni, ndipo thupi ili silingapirire kawiri."

Banja lonse linayamba kudikira. Chimphepo anakana maukwati, anakhazika mpando pafupi ndi bedi osachokapo, khutu lili tcheru. Bedi la wodwala wina likalira, iye nyamu, nesi n'kupukusa mutu. Masiku anapita, mimba ili gwa, atelala akutuluka thukuta, mano atalumana, maso ali kudenga.

Masana ena mkazi wake anamukokera pambali. "Kodi bambo a ana, nzeru zonse zinathera m'lipenga? Bambo anga angaphwise mkamwini ali pomwepo? Mpweyawo akuugwira dala! Afa ndi ulemu ngati mmene munatsala pang'ono kuwaphera inu."

Chimphepo anachita manyazi mpaka m'makutu. Anabwerera kubedi kukatenga jekete yake kuti azipita mwakachetechete. Koma dzanja loonda linamugwira mkono wa malaya.

"Khala pansi," anatero atelala. "Mwini wake ndiwe. Uumve wekha."

Mpweya uja unayamba pansipansi, mwamanyazi, kenako unakwera, n'kukhazikika pamwamba osanjenjemera. Wodwala wa pabedi loyandikana anavula chipewa chake cha ubweya. Utatha, nesi anaomba m'manja n'kuthamanga kukauza dokotala.

Atelala anapuma mozama, dzanja lija osalichotsa.

"Tenga mpweya wako, mwana wanga. Wandikwanira."

Chimphepo anafuna kuseka, koma misozi ndi imene inatsogola.

"Usandilirire pabala," anatero mdalayo. "Ndipo thalauza lija mwendo umodzi sindinapinde. Ndikatuluka ubwere nalo."